Phokoso Lochokera ku Seattle: Mbiri ya Nyimbo ya Smells Like Teen Spirit

Amene amakonda kufukula zovala pa kaunjika, kaya pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, mwina anakumanapo ndi tisheti yakuda yojambulidwa nkhope yachikasu. Maso a nkhopeyo ndi timitanda tiwiri, pakamwa ndi pokhota, lilime lili panja. Pamwamba pake pamakhala dzina loti Nirvana. Achinyamata ambiri amaigula poona kukongola kwake basi, ndipo ena amayesa kuti Nirvana ndi kampani yosoka zovala. Koma linali gulu la anyamata atatu oimba a ku America, ndipo chimene chinafikitsa dzina lawo mpaka m'mabelo a kaunjika ndi nyimbo imodzi ya mphindi zisanu, yotchedwa Smells Like Teen Spirit, yomwe inatuluka pa 10 Sepitembala 1991.

Ambiri kuno kwathu sanaimve nthawi imeneyo. Dziko la Malawi linali ndi nyumba imodzi yokha ya wailesi, MBC, ndipo wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Komabe nkhani ya nyimboyi ndi yoyenera kuidziwa, chifukwa imaonetsa mmene nyimbo imodzi ingasinthire maganizo a anthu ogulitsa nyimbo, komanso zimene kutchuka kodzidzimutsa kungamuchite woipeka.

Magulu awiri a oimba m'dziko limodzi

Nyimbo za rock maziko ake ndi zida zitatu: gitala lamagetsi, gitala la besi ndi ng'oma, kuphatikizapo woimba. Gitala limalumikizidwa ku ampulifaya, ndipo woliza akafuna amatha kulipangitsa kuti lizilira mosasa, mokalipa. Achikulire amene anamvera Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, kapena gulu la WITCH, ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, akulidziwa liwu la gitala lotere.

M'zaka za m'ma 1980, oimba rock ku America anali ngati agawanika pawiri. Mbali ina kunali magulu olemera a makampani akuluakulu, ambiri a iwo okhala ku Los Angeles, monga Mötley Crüe, Poison ndi Warrant. Oimba ake ankaweta tsitsi lalitali lolifutukula, kudzola zophodaphoda, kuvala zikopa zothina, n'kumaimba za akazi, mowa ndi maphwando. Kanema wa MTV, amene anayamba mu 1981 ndi ntchito yoonetsa mavidiyo a nyimbo, ankawaonetsa usana ndi usiku.

Mbali inayo kunali timagulu tosauka. Tinabadwa kuchokera ku nyimbo za punk, zomwe chiphunzitso chake chinali chakuti munthu sayenera kudikira kuti akhale katswiri kapena apeze ndalama kuti ayambe kuimba. Anyamata ndi atsikana amenewa ankayenda ndi zigalimoto zakutha kuchoka tauni ina kupita ina, kugona pansi m'nyumba za owamvera, n'kumajambulitsa nyimbo ku timakampani ting'onoting'ono. Wailesi zazikulu zinalibe nawo ntchito. Nyimbo zawo zinkamveka pa timawailesi ta ophunzira a m'mayunivesite. Magulu monga Black Flag, Hüsker Dü, Sonic Youth ndi Pixies anali a mbali imeneyi, ndipo nyimbo zawo zinapatsidwa dzina loti alternative rock, kutanthauza rock ya njira ina, yosiyana ndi yomwe ikugulitsidwa pamsika waukulu.

Panali lamulo losalembedwa pakati pawo. Woimba wolola kusintha nyimbo zake pofuna kusangalatsa makampani ankatengedwa ngati wadzigulitsa, ndipo anzake ankamutaya. Lamulo limeneli lidzaonekeranso kutsogoloku, chifukwa ndi lomwe linamudya mtima mwini nyimbo yathu.

Mnyamata wa ku Aberdeen

Kurt Cobain anabadwa pa 20 Febuluwale 1967 ku Aberdeen, katauni ka mvula yosatha m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa America. Anthu akumeneko ankadalira ntchito yodula ndi kucheka mitengo, ndipo pamene iye ankakula ntchitoyo inali ikulowa pansi. Makolo ake anasudzulana ali ndi zaka 9, ndipo kuchokera pamenepo ankangosinthasintha pokhala, lero kwa bambo, mawa kwa mayi, mkuja kwa abale. Sukulu ya sekondale sanaimalize, ndipo kwa kanthawi anagwirapo ntchito yokolopa pasukulu yomweyo imene anasiyira panjira.

Mu 1987 iye ndi mnzake Krist Novoselic, woliza besi, anayambitsa gulu lomwe linadzatchedwa Nirvana. Chimbale chawo choyamba, Bleach, chinatuluka mu 1989 kudzera ku kampani yaing'ono ya mumzinda wa Seattle yotchedwa Sub Pop. Kuchijambula kunangodya madola 606 ndi masenti 17. Kampani ya Sub Pop ndi yomwe inafalitsa mawu oti grunge ponena za nyimbo za magulu a ku Seattle, zomwe zinali zolemera, zakuda bii pomveka, zosakaniza ukali wa punk ndi kulemera kwa magulu akale monga Black Sabbath.

Vuto la Nirvana linali woimba ng'oma. Anasintha angapo mpaka mu 1990 pamene anapeza Dave Grohl, mnyamata wokulira ku Virginia amene ankamenya ng'oma mwamphamvu koma mosaphonya nthawi. Atalimbikitsidwa ndi a Sonic Youth, anasaina mgwirizano ndi DGC, nthambi ya kampani yaikulu ya David Geffen.

Mmene nyimboyi inamangidwira

Chakumayambiriro kwa 1991, Cobain anabwera kokonzekera ndi kachidutswa ka gitala ka makodi anayi okha. Kodi ndi nsambo zingapo zogwiridwa ndi kukhwatchidwa pamodzi, ndipo makodi amenewa anali a mtundu wosavuta, amene wophunzira gitala amawadziwa m'masabata oyambirira. Novoselic atamva anati n'zachibwana. Cobain sanagonje. Anawauza kuti abwereze kachidutswa komweko kwa ola limodzi ndi theka. Mkati mobwerezamo, Novoselic anayamba kukaliza pang'onopang'ono, Grohl n'kupeza kamenyedwe kogwirizana nako, ndime ya nyimbo n'kubadwa. N'chifukwa chake m'chimbale chawo chotsatira, Nevermind, nyimboyi inalembedwa kuti anaipeka onse atatu. Anaiimba koyamba pagulu pa 17 Epulo 1991 pamalo otchedwa OK Hotel ku Seattle.

Chinsinsi cha nyimboyi chagona pa kusinthana kwa bata ndi phokoso. Imayamba ndi gitala lokha, lopanda ukali. Kenako ng'oma zimalowa ngati zikugwetsa chitseko, ndipo gitala lija limasanduka chilombo, chifukwa woliza waponda kabokosi kamene kamasasitsa liwu lake. Phokosolo likafika pachimake limazimiririka. M'ndime mumangotsala besi, ng'oma zodekha, ndi gitala longolira timawu tiwiri patalipatali, woimba akuimba motsitsa ngati wotopa. Womvera amadziwa kuti phokoso lija libweranso, ndipo kudikirako ndi kumene kumamugwira. Zili ngati masana a mwezi wa Disembala, kunja kukachita zii, kukutentha, mitambo ikusonkhana, kenako chimvula n'kukhuthukira padenga la malata. Kolasi ikafika, zonse zimaphulika.

Njira imeneyi sanaiyambitse ndi Cobain, ndipo mwini wake sanabise. Anauza magazini ya Rolling Stone kuti ankayesera kutsanzira gulu la Pixies la ku Boston, lomwe linkadziwika ndi kaimbidwe komweka. Anavomerezanso kuti kachidutswa ka gitala kaja kamafanana ndi ka nyimbo ya More Than a Feeling ya gulu la Boston, ya mu 1976. Naye Grohl, patapita zaka zambiri, anafotokoza kuti kamenyedwe kake ka ng'oma m'chimbalechi anakatenga kwa oimba achikuda a nyimbo zovina za disco ndi funk, monga The Gap Band ndi Cameo. Mfundo imeneyi anthu saitchula kawirikawiri, koma ndi yofunika. Nyimbo yomwe amati ndi ya mkwiyo wa anyamata achizungu yakhazikika pa ng'oma zovinitsa, ndipo n'chifukwa chake thupi limagwedezeka ukamaimva ngakhale usakumva mawu ake.

Chinanso n'chakuti pansi pa phokoso lonselo pali nyimbo yokoma, yosavuta kuiloweza. Cobain ankakonda gulu la The Beatles kuyambira ali mwana, ndipo khutu lake linkadziwa kamvekedwe kamene kamakanirira m'mutu mwa munthu. Gitala likapatsidwa mpata woimba lokha chapakati pa nyimboyi, silionetsa luso lothamangitsa zala monga ankachitira oimba a ku Los Angeles aja. Limangobwereza kamvekedwe komwe woimba waimba m'ndime. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya nyimboyi. Anthu ankaganiza kuti kukoma ndi phokoso ndi adani, kuti woimba ayenera kusankha chimodzi. Nirvana inaziika m'nyimbo imodzi popanda china kufooketsa chinzake.

Nyimboyi inajambulidwa mu Meyi 1991 ku situdiyo ya Sound City ku Van Nuys, m'chigawo cha California. Wojambula anali Butch Vig. Iye ankafuna kuti Cobain aimbe kawiri mawu omwewo kuti awasanjikize, liwu limveke lonenepa. Cobain ankakana poona ngati n'chinyengo, mpaka Vig anamukumbutsa kuti John Lennon wa The Beatles ankachitanso chimodzimodzi. Pomaliza Andy Wallace anasakaniza mawu ndi zida zonse n'kuzisalalitsa mokwanira kuti wailesi zizilandire. Pambuyo pake Cobain ankadandaula kuti zinasalala mopitirira.

Dzina lochokera pakhoma

Cobain ankakhala mumzinda wa Olympia, kumene kunali atsikana oimba punk omenyera ufulu wa amayi. Mmodzi wa iwo, Tobi Vail wa gulu la Bikini Kill, anali chibwenzi chake. Usiku wina mnzake wa Vail, Kathleen Hanna, amene ankaimba m'gulu lomwelo, analemba pakhoma la chipinda cha Cobain kuti Kurt akununkhira Teen Spirit. Teen Spirit anali mafuta opaka m'khwapa oletsa fungo la thukuta, opangidwa ndi kampani ya Mennen, ogulitsidwa kwa atsikana. Cobain sankawadziwa mafutawo. Iye anamva ngati Hanna akunena kuti mwa iye muli mzimu wa achinyamata oukira, ndipo anawatenga mawuwo kukhala dzina la nyimbo. Anadzadziwa zoona zake nyimbo itatuluka kale.

Mawu a dzinali sapezeka paliponse m'nyimbomo. Ndipo mawu amene alimo ndi ovuta kuwamva ngakhale kwa eni Chingerezi, moti wailesi zina poyamba zinkazengereza kuiulutsa. Amapereka chithunzi cha achinyamata otopa ndi moyo, ofuna kusintha zinthu koma nthawi yomweyo osakhulupirira kuti n'zotheka. Ziganizo zake zina n'zotsutsana, zina zilibe mutu weniweni. Anthu akhala akukangana za tanthauzo lake kwa zaka zoposa 30. Koma womvera woyamba sanafunikire kumasuliridwa. Anamva liwu la munthu likusasa mpaka kutsala pang'ono kung'ambika kumapeto kwa nyimbo, ndipo anazindikira zomwe zikunenedwa.

Vidiyo ya m'holo ya sukulu

Vidiyo inajambulidwa pa 17 Ogasiti 1991 ku Culver City, ndipo anaitsogolera Samuel Bayer, amene inali ntchito yake yoyamba ya mtundu umenewu. Ikuonetsa msonkhano wa ana asukulu m'holo ya masewera yodzaza utsi. Atsikana ochemerera avala zakuda zokhala ndi chizindikiro cha anthu okana ulamuliro uliwonse, ndipo bambo wachikulire wokolopa akuvina yekha ndi chokolopera chake. Achinyamata amene akuoneka m'vidiyoyi anali okonda gululi enieni oitanidwa kudzera pa timapepala. Anawakhazika pamabenchi kwa maola ambiri nyimbo ikubwerezedwa, mpaka anatopa ndi kukwiya. Atawamasula kuti avine, anagumula zonse zomwe zinali pamalopo. Chisokonezo chimene chili kumapeto kwa vidiyoyi sichongoyerekeza.

MTV inaionetsa koyamba chakumapeto kwa Sepitembala 1991 pa pulogalamu ya usiku yotchedwa 120 Minutes. Owonera ataikonda, inayamba kuonetsedwa masana kangapo patsiku. Wachinyamata wa kutauni yaing'ono, amene anazolowera kuona oimba atakwera magalimoto odula, anaona anthu ovala ngati iye: majinzi ong'ambika, nsapato zakutha, tsitsi losapesa.

Sabata imene Michael Jackson anatsika

A DGC sankayembekezera zambiri. Ankaganiza kuti nyimboyi ingokopa okonda alternative rock, ndipo yodzagwira anthu wamba idzakhala ina, Come as You Are. Chimbale cha Nevermind chitatuluka pa 24 Sepitembala 1991, anatumiza m'masitolo a ku America makope osakwana 50,000. Chiyembekezo chawo chinali choti mwina chidzagulidwa makope 250,000, monga chinachitira chimbale cha Goo cha Sonic Youth. M'masabata ochepa masitolo anali atauma.

Smells Like Teen Spirit inafika pa nambala 6 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America, ndi pa nambala 7 ku Britain. Pa 11 Januwale 1992, Nevermind inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale, kutsitsa Dangerous ya Michael Jackson. Usiku wa tsiku lomwelo gululi linaimba pa pulogalamu ya kanema ya Saturday Night Live.

Pali chinthu china chimene chinathandiza, chosakhudza kuimba. Kale Billboard inkadalira eni masitolo kuti anene zimbale zomwe zikuyenda malonda, ndipo iwo ankatha kutchula zimene makampani akuluakulu akufuna. Mu Meyi 1991 inayamba kugwiritsa ntchito njira ya SoundScan, yowerenga pa kompyuta chimbale chilichonse chodutsa pa kauntala. Apo zinaoneka kuti anthu ankagula nyimbo za rap, za country ndi za rock yaukali kuposa mmene ankanenera. Nevermind inatuluka patangopita miyezi inayi njirayi itayamba, choncho panalibe wobisa kuchuluka kwa oigula. Mpaka lero chimbalechi chagulidwa makope oposa 30 miliyoni padziko lonse.

Katundu wolemera

Atolankhani anayamba kumutcha Cobain mneneri wa m'badwo wake, umene ankautcha Generation X. Iye dzinali sankalifuna. Anakulira m'chikhulupiriro chakuti kutchuka kotere ndi kudzigulitsa, ngakhale kuti mbali ina ya mtima wake inkafuna kuti nyimbo zake zimvedwe ndi anthu ambiri. Zinthu ziwirizi zinkakokana mwa iye, ndipo nyimboyi ndi yomwe inali pakati.

Zinkaonekera pa nsanja. Pa pulogalamu ya Top of the Pops ya BBC mu Novembala 1991, atauzidwa kuti zida zizingoyerekeza kulizidwa, iye anaimba ndi liwu lonenepa lachilendo mwadala, anzake akuseweretsa zida poyera. Pa chikondwerero cha Reading ku England mu Ogasiti 1992, anayamba ndi kachidutswa ka More Than a Feeling asanalowe m'nyimbo yawo. Chochitika chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, mu Okutobala 1992. Gulu la atsikana lotchedwa Calamity Jane, lomwe linaimba Nirvana isanakwere, linatukwanidwa ndi kugendedwa ndi khamu la anthu. Cobain anapsa mtima. Usiku umenewo ankati akayamba makodi oyambirira a nyimbo yomwe khamulo linadzera, n'kuisiya, kuyamba ina. Sanaiimbe. Miyezi iwiri pambuyo pake, m'mawu olembedwa m'chimbale cha Incesticide, anapempha kuti aliyense wodana ndi amayi, anthu a khungu lina kapena amuna ndi akazi okondana okhaokha asabwerenso kumakonsati awo ndipo asagule nyimbo zawo. Chinkamupweteka n'chakuti anyamata a mtundu womwe unkamuzunza kusukulu tsopano anali kutsogolo kwa nsanja akuimba naye.

Mu 1993 gululi linajambula chimbale cha In Utero ndi Steve Albini, mwadala chokhakhala kuposa Nevermind. Pa konsati ya MTV Unplugged mu Novembala chaka chomwecho, Smells Like Teen Spirit sinaimbidwe n'komwe. Nthawi yonseyi Cobain ankavutika ndi kupweteka kwa m'mimba kosatha, matenda a maganizo, ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin amene anamugwira ukapolo. Anadzipha kunyumba kwake ku Seattle pa 5 Epulo 1994, ali ndi zaka 27, kusiya mkazi wake Courtney Love ndi mwana wamkazi wosakwana zaka ziwiri. Kungakhale kulakwa kunena kuti nyimbo ndiyo inamupha, pakuti mavuto ake anayamba kale isanapekedwe. Koma kutchuka kumene inabweretsa kunamulanda mpata wodwala ndi kuchira anthu asakumuyang'ana.

Zimene inasiya

Kawirikawiri anthu amati nyimboyi inapha rock ya ku Los Angeles tsiku limodzi. Kumeneko n'kukokomeza. Magulu a Metallica ndi Guns N' Roses anagulitsa zimbale mamiliyoni m'chaka chomwecho cha 1991, ndipo amene anatsitsa Nevermind pa nambala 1 anali Garth Brooks, woimba country. Gulu la R.E.M. nalo linali litatsegulako kale chitseko ndi nyimbo ya Losing My Religion kumayambiriro kwa chakacho. Chimene chinasinthadi ndi chikhulupiriro cha makampani. Anazindikira kuti nyimbo zomwe ankaziona ngati zosagulitsika zili ndi msika wa mamiliyoni. Magulu ena a ku Seattle, monga Pearl Jam, Soundgarden ndi Alice in Chains, anakwera nawo. Mu 1994 Green Day ndi The Offspring, magulu a punk a ku California, anagulitsa zimbale mamiliyoni, zomwe zaka zisanu m'mbuyomo palibe akanazilota. Kampani ya Sub Pop, yomwe inatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, inapulumuka ndi gawo la ndalama lomwe inkalandira pa Nevermind.

Koma si zonse zinali zabwino. Makampani anathamangira kusainitsa kagulu kalikonse kooneka ngati Nirvana, ndipo timagulu tambiri tinatayidwa titalephera kugulitsa monga ankayembekezera. Kaimbidwe ka bata ndi phokoso kanasanduka chikombole chimene ena ankangothiramo nyimbo zopanda moyo. Malaya ochindikala a mandalasi amene anyamata a ku Seattle ankagula otchipa pothawa kuzizira anafika mpaka pa zionetsero za mafashoni, pamene Marc Jacobs anawasokera kampani ya Perry Ellis mu 1992. Nyimbo za njira ina zinakhala msewu waukulu umene zinkauthawa.

Nyimbo yeniyeniyo yapirira zonsezi, ndipo umboni wake ndi mmene oimba osiyanasiyana aitengera. Mu 1992 Tori Amos anaiimba ndi piyano yokha, pang'onopang'ono, n'kuonetsa poyera kukoma kumene kunabisala pansi pa magitala. Chaka chomwecho "Weird Al" Yankovic anapeka yoseketsa yonena za kusamveka kwa mawu ake, Cobain atamuloleza. Paul Anka anaiimba mwa jazi mu 2005, Patti Smith anaiimbanso mu 2007, ndipo Jay-Z anatengako kachidutswa mu nyimbo yake ya Holy Grail mu 2013. Vidiyo ija inapitirira kuonedwa maulendo 1 biliyoni pa YouTube mu 2019. Gitala la Fender Mustang lomwe Cobain analiza m'vidiyomo linagulitsidwa pa madola pafupifupi 4.5 miliyoni mu 2022.

Grohl anayambitsa gulu la Foo Fighters, n'kusiya ng'oma kukhala woimba wamkulu. Novoselic analowa m'ntchito zolimbikitsa kusintha kayendetsedwe ka zisankho kwawo ku Washington. Mu 2014, pamene Nirvana inkalandiridwa m'nyumba yolemekeza akatswiri ya Rock and Roll Hall of Fame, awiriwa anayenera kusankha woimba m'malo mwa mnzawo. Sanaitane mwamuna aliyense. Anaitana amayi anayi, podziwa mbali imene Cobain ankaima. Joan Jett anaimba Smells Like Teen Spirit, kenako kunabwera Kim Gordon wa Sonic Youth, St. Vincent, ndi Lorde wa ku New Zealand, amene anabadwa mu 1996.